Phiko la Bakha

Nzeru yakuba phiko inabadwira m'bala ya mayi Ines, Lachinayi masana, botolo lachiwiri la vinyo wathovu litafika m'chiuno. Mwini nzeruyo anali Wainer, amene tauni yonse ya Castelbrugna inkamutcha Pulofesa. Sukulu sanapite nayo patali, koma ankavala magalasi opanda mankhwala ndipo sankamaliza mawu asanakweze chala.

"Amuna anzanga, Lamulungu likubwerali mpikisano ukayamba, ndani adzakhale ali mumsewu m'tauni muno?" anafunsa Wainer.

"Agalu," anayankha Nerio. Uyu ankamutcha Mzamba, chifukwa loko aliyense ankamasuka m'manja mwake popanda kubuula.

"Agalu amakhala pansi pa tebulo kumvera eni ake akutukwana kanema. Mumsewu simudzakhala munthu. Ndikunama, Ameni?"

Ankafunsa Adelmo. Iye ndiye anali wachitatu patebulopo, munthu woyendetsa vani ya buledi, ndipo dzina la Ameni analipeza chifukwa mawu amenewo ndiwo okha amene anthu anamumvapo akunena mokweza. Anangozunguza tambula yake n'kuyang'ana mayi Ines, amene ankaikira mphaka wa eni nyumba yoyandikana nayo khungu la nyama pakhomo.

Ku Castelbrugna theka la anthu linkagwira ntchito kufakitale ya timu ya Corbelli, yopanga galimoto yothamanga ya mpando umodzi. Theka linalo linkadziwa bwino kuposa ogwira ntchitowo mmene galimotoyo iyenera kupangidwira. Chaka chimenecho onse anali pamaliro. Injiniya wamkulu anatha nyengo yonse yozizira akuombetsa mphepo galimoto yatsopano m'chipinda choyesera, naipatsa mphuno yotakata yaphwatalala ndi mapiko aakulu oti mphepo iziikanikizira pansi. Pakona inkamatirira phula ngati nkhupakupa pakhutu la ng'ombe. Koma ikafika powongoka, mapiko omwewo ankaigwira malaya, anzake n'kumaidutsa ngati yaima kudikira basi, iyo ikugwedeza kumbuyo. Anthu anaitcha Bakha. Mpikisano woyamba inamaliza kumchira. Wachiwiri inayaka moto. Ku Monaco, kumene makona ndi ambiri, inalimbikira ndithu mpaka anthu anaimirira m'mabala, kenako tayala limodzi linaganiza zotsogola lokha. Belu lalikulu la tchalitchi, limene bambo mfumu ankaliza timu ikapambana, linakhala chete mpaka anamzeze anamangamo zisa.

"Apanga phiko latsopano lakutsogolo, loti akayesere pa mpikisano wa kwathu kuno," anapitiriza Wainer, atatsitsa mawu. "Lili m'shedi yakumbuyo, alifunditsa nsalu. Ndili ndi bwana wina ku Switzerland amene amapachika zinthu zotere pakhoma, pamene ife timapachika Mayi Maria. Mzamba atsegula, ine ndi Ameni tinyamula, vani ili pakhomo. Dilu yoyera ngati mkaka."

"Nanga madala Dovilio, mlonda uja?" anafunsa Nerio.

Wainer anaseka. "Dovilio sadzuka pampando mpikisano uli mkati. Amati akangodzuka injini iphulika. Tauni yonseyi ndi choncho, mwayi ukakupeza uli mwakuti, khala momwemo. Wometa uja Oreste anatha theka la mpikisano lumo lili pakhosi pa munthu. Umbuli, aise. Ife ndife anthu a sayansi, tidyera pa umbuli wawo." Polankhula izi dzanja lake linali pansi pa tebulo, likugwira mwendo wachitsulo kuti tsoka lisamve.

Apa ndi pamene Adelmo anatsegula pakamwa. "Mwana wanga Zaira akukwatiwa Loweruka la sabata yamawa."

"Ndiye vuto lili pati? Lamulungu ndi Loweruka ndi masiku osiyana."

"Ndinamulonjeza kuti ndidzamuperekeza kuguwa. Mkazi wanga Ilde anandiuza kuti ndikadzagwidwanso, chitseko sadzanditsekulira."

"Amene amagwidwa ndi osaganiza," anatero Wainer, chala chili m'mwamba.

Adelmo akanatha kukana. Anali atasiya kale zimenezi, buledi ankamukwanira. Koma nthawi ina ali m'ndende limodzi, m'nyengo ya chisanu choswa mafupa, iye anadwala chifuwa, ndipo Wainer anamufunditsa bulangete lake, mwini wake n'kumagona m'jekete. Wainer sanaitchulepo nkhaniyo ngakhale kamodzi. Akanakhala woitchula, kukana kukanakhala kosavuta.

Lamulungu Adelmo anapita ku Misa yoyamba, nayatsa kandulo osauza woyera aliyense chifukwa chake. Kunyumba anapeza Ilde atakhala pawindo, akumasula ulusi m'chiuno mwa thalauzi la suti yake yaukwati, poti suti inali itachepa pamene mwini wake ankakula.

"Mpikisano mukaonera kuti, bambo a Zaira?" anafunsa Ilde, singano ili pakamwa.

"Ndi anzanga."

Ilde anamuyang'ana kanthawi, nadzuka n'kumusansa ufa umene unali pakolala.

Pa nkhani ya misewu Pulofesa sananame. Vani inadutsa m'tauni yopanda munthu, mawindo onse akutulutsa kulira kwa mainjini ndi fungo la msuzi. Kuseri kwa fakitale Nerio anagwada pachitseko cha shedi, nanong'oneza loko mawu achikondi, loko n'kuvomera. Mkatimo pansi panali poyera kuposa m'chipatala. Phiko linali pa timiyendo tiwiri, lakuda, lonyezimira, lopepuka ngati thireyi koma lotalika ngati bedi.

Pakona, pamwamba pa kabati ya zipangizo, panali kanema wamng'ono wa amakaniko.

"Usayerekeze," anatero Wainer.

"Ndingofuna tidziwe nthawi yatsala," anayankha Nerio. "Wotchi yathu si mpikisano womwewo? Unanena wekha."

Kanema anayaka koma ankangoonetsa mchenga. Nerio anakwera pasitulo, nagwira eriyo n'kuikweza m'mwamba, chithunzi n'kubwera. Ku Belgium, kumene mpikisano unkachitikira m'kati mwa nkhalango, mvula inali ikukhuthuka ngati yathawa m'ndende. Magalimoto akuluakulu aja, odya msewu wowongoka, ankaterereka n'kukagona m'miyala. Liwiro lawo linalibe ntchito pamadzi. Koma Bakha, ndi mapiko ake onyozeka aja, anali atamatirira pansi, akudula madzi mosatekeseka. Mnyamata wa ku Finland amene ankamuyendetsa, yemwe anthu ankamutcha Firiji chifukwa sanamuonepo akuseka, anali atachoka kumchira n'kufika pa nambala twelofu.

"Zangochitika," anatero Wainer. "Nyamula, Ameni."

Ananyamula. Adelmo anagwira mbali imodzi akuyenda chafutambuyo, mpaka phazi lake lamanzere linatuluka pakhomo n'kuponda panja. Wainer anali mbali inayo, atakweza phiko kufika pachifuwa kuti lisagunde tebulo. Nthawi yomweyo Firiji anadutsa magalimoto awiri pakona imodzi, ndipo wachitatu anadziterera yekha kumupatsa njira.

"Naini," ananong'ona Nerio ali pasitulo.

"Tiyeni," anatero Wainer, naponya phazi kutsogolo.

Bakha anaponda mzere woyera, nagwedezeka, magalimoto awiri aja n'kumudutsanso.

Wainer anabweza phazi lake pamene linali. Asanathe kupuma kawiri, Firiji anawadutsanso onse.

Adelmo ankangomva mtima wake ndi mvula ya ku Belgium.

"Pulofesa," anatero Nerio mwaulemu, "paja inu ndinu a sayansi."

"Sayansi imafuna kuyesa kawiri," anayankha Wainer. Anatsitsa mbali yake ya phiko pang'onopang'ono kufika m'mawondo. Pakanema, Bakha anali atalowa kosinthira matayala, ndipo nati ya tayala lakumbuyo inakana kutuluka. Makaniko ankalimbana nayo, masekondi akuthawa. Wainer anakweza phiko msangamsanga. Nati inamasuka, galimoto n'kutuluka.

"Aliyense akhale mmene alili," anatero Pulofesa ndi mawu a munthu amene waona mzukwa. "Mzamba, mkono usatsike. Ameni, phazi limenelo likhale panja pomwepo."

"Nanga vani?" anafunsa Adelmo.

"Vani siithawa. Tingoona afika pati."

Mmenemo ndi mmene mbava zitatu za ku Castelbrugna zinaimira pakati pa umbava wawo, ngati ziboliboli za m'tchalitchi. Ntchentche inatera pamphuno ya Wainer, nayenda mpaka pagalasi, iye osaigwedezera ngakhale nsidze. Nerio anayamba kudandaula kuti vinyo wa nkhomaliro akufuna njira yotulukira.

"Mangira mfundo," anatero Wainer.

Phiko lopepuka lija linayamba kulemera. Poyamba linali thireyi, kenako thumba la ufa, kenako ng'ombe yakufa. Adelmo ankanena Tikuoneni Maria mumtima, osadziwa bwinobwino ngati akupempherera mapewa ake, mwana wake kapena matayala a Firiji. Bakha anafika pa nambala seveni, kenako sikisi. Atadutsa galimoto yofiirira ya Mfalansa n'kukhala wachisanu, Nerio analephera kudzigwira, nakuwa mawu amene anamveka mpaka kugeti.

Posakhalitsa anamva chinthu chikukhwekhwereza m'khonde. Chitseko chamkati chinatseguka, ndipo analowa madala Dovilio atawerama ngati mbedza, manja onse awiri atagwira mpando wawo kuukanikizira kumatako kuti asakhale kuti adzuka.

"Wainer," anatero mlondayo. "Nerio. Ndi iwenso Adelmo, amene umandisungira buledi wopsa bwino? Apolisi ndawaimbira kale, ali m'njira." Kenako maso awo anagwera pakanema, naona Bakha akutsata galimoto yachinayi ngati ngongole. Anayang'ananso amuna atatu aja, wina mkono m'mwamba, wina phazi panja. "Mwaima chonchi kuyambira liti?"

"Kuyambira pa twelofu, madala," anayankha Nerio.

Dovilio anatsitsa mpando pansi mosamala, iwo ali pomwepo. "Ndiye imani bwino. Iwe Wainer, mbali yako ikutsika."

"Manja atopa, madala."

"Pobwera kudzaba sunadziwe kuti uli ndi manja?"

Komabe mkuluyo anakhwekhwereza mpando mpaka pamene anaima Adelmo, natulutsa mpango m'thumba n'kumupukuta thukuta limene linkamulowa m'maso. Anapitanso kwa Wainer kukamuingitsira ntchentche. Anawamwetsa madzi a m'botolo lawo mmodzimmodzi, kupatula Nerio, amene anapempha kuti botolo lisamuyandikire n'komwe.

Injini ya mtsogoleri wa mpikisano inatulutsa utsi, ndipo wina anagunda khoma la matayala. Firiji anadutsanso galimoto imodzi, nakhala wachiwiri. Patsogolo pake panatsala Mjeremani mmodzi yekha, ndipo kuzungulira kunatsala kochepa. Pamenepo ndi pamene kulira kwa galimoto ya apolisi kunamveka chapatali, kumlatho.

Wainer anayang'ana kanema, nayang'ana mnzake. "Ameni, pita. Tsamiritsa mbali yako pachitseko. Iwe uli ndi ukwati."

"Ine maso anga ali pakanema," anatero Dovilio osatembenuka. "Munthu wotuluka pakhomo sindingamuone. Ndakalamba."

Khomo linali lotseguka. Phazi limodzi linali kale panja, kiyi wa vani ali m'thumba, ndipo kanjira kakuseri kodutsa m'minda ya mphesa Adelmo ankakadziwa ngati chikhatho chake. Anaona Zaira ataima pakhomo la tchalitchi m'diresi loyera, akuyang'ana uku ndi uku. Anaona Ilde ali pawindo, singano pakamwa. Munthu wanzeru akanathawa, ndipo Adelmo sanali chitsiru masiku onse. Anadzutsa chidendene cha phazi lamkati, pang'ono chabe, mpata woti n'kulowa pepala.

Kumbuyo kwa Bakha kunaterereka, madzi n'kuthovokera m'mwamba. Dovilio anabuula ngati abayidwa.

Adelmo anayang'ana mkuluyo. Munthu uyu anakalambira pageti, akutsegulira mathiraki opita kumipikisano ndi kuwatsegulirabe pobwerera opanda kanthu, ndipo tsopano milomo inkamunjenjemera ngati ya mwana. Chidendene chinabwerera pansi chokha.

"Kwatsala pang'ono," anatero Adelmo.

"Ndiwe chitsiru, mbale wanga," anatero Wainer, mawu ake atanyowa.

Sajeni Pinna anafika pakhomo lomwelo, natsala pang'ono kupunthwa paphazi la Adelmo. Iye anali wa kuchilumba cha Sardinia, kumene anthu amathamangitsa akavalo, ndipo misala ya m'tauni muno sankaimvetsa. Anaona mbava ziwiri zitanyamula katundu wakuba, yachitatu ili pasitulo ngati ikulumbira m'khoti, ndi mlonda atakhala phee pakati pawo. Anatulutsa maunyolo.

"Bwana sajeni, dikirani pang'ono," anatero Dovilio.

"Ndidikire chiyani? Mwandiitana ndinu."

"Ndakuitanani, inde, ndipo muwatenga. Koma mukawagwira tsopano, galimoto ija n'kuterereka, tauni yonse idziwa kuti ndinu. Khofi muzikamwa kuti? Oreste mudzamupatsanso khosi lanu kuti akumeteni?"

Sajeni anaganizira za lumo la Oreste. Anayang'ana kanema, kumene magalimoto awiri ankathamanga mphuno ndi mchira m'kati mwa utsi wa madzi. Anafuna kulowa kuti aone bwino.

"Pomwepo, bwana," anatero onse anayi pamodzi.

Sajeni anaima, phazi limodzi lili m'malere pamwamba pa chiundo cha khomo, maunyolo akulendewera padzanja.

Pa kuzungulira komaliza, powongoka, Mjeremani anathawa monga mwa masiku onse. Koma kumapeto kwake kunali kona yothina, yodzaza madzi. Mjeremani anaponda mabuleki msanga. Firiji anachedwa kuponda, nalowa mkati, mapiko aakulu aja akumukanikizira paphula. Magalimoto awiri anayenda mbali ndi mbali, matayala atatsala pang'ono kupsompsonana. Mikono ya Adelmo inanjenjemera, Bakha n'kugwedezeka, koma anatuluka pakonapo ali patsogolo, ndipo mbendera inamugwera iye.

Kenako, kudutsa pamadenga a tauni, belu lalikulu linalira, mawu ake osasa chifukwa cha zisa.

Wainer anaponya manja onse m'mwamba. Anaiwala kuti m'manjamo munali kanthu. Phiko latsopano, limene akatswiri analipanga miyezi yambiri ndipo bwana wa ku Switzerland anali atalikonzera kale khoma, linamenya pansi n'kuthyoka pakati ngati bisiketi. Nerio anadumpha pasitulo n'kuthamangira kuchimbudzi, kumene sajeni anakamudikira pakhomo mwaulemu. Dovilio anadzuka pampando, nakumbatira Adelmo, namupsompsona masaya onse awiri, kenako anamugwira mkono kuti sajeni amange bwino.

Kumanga Adelmo kunavuta, chifukwa mikono yake inakana kutsika. Anamukweza m'galimoto ya apolisi atatambasula manja kutsogolo ngati wanyamulabe chinthu chosaoneka. Podutsa pabwalo la tauni anthu anali akuvina m'kasupe, ndipo poti Dovilio anali atayamba kale kufalitsa nkhani, ena anathamangira galimotoyo n'kumaponya masoseji a salami pawindo. Wainer ankagwedeza mutu kuvomera ulemuwo.

"Pulani inali yabwino," anatero. "Mvula ndiyo sitinaiwerengere."

Ilde anabwera kupolisi Lolemba m'mawa, atanyamula suti pamkono ndi mbale yokutidwa nsalu. Sajeni anamutsegulira chipinda n'kupita kukaima patali. Mayiyo anapachika suti pamsomali, naika mbale pabenchi, nakhala. Adelmo anayang'ana pansi.

"Ndinakuuzani chiyani, bambo a Zaira?"

"Unati chitseko sudzanditsekulira."

"Ndipo sindidzatsekula. Mukadzatuluka mudzagona m'vani mpaka mtima wanga utatsika, ndipo sutsika msanga." Anavundukula mbale, fungo la msuzi n'kudzaza chipinda. "Mwana wanu walira usiku wonse. M'mawa uno wapita yekha kwa a sajeni. Avomera kukubweretsani Loweruka, koma dzanja lanu lamanzere likhala lomangidwa ku lawo. Ndiye mwana wanga adzayenda kupita kuguwa ndi amuna awiri, wina wa yunifolomu. Akuchimuna ndawauza kuti awonjezere mbale imodzi."

Adelmo anatseka maso, milomo ikuyenda pang'ono. Atatsegula, anayesa kunyamula supuni koma mkono unakana kupindika. Ilde anamuyang'ana akulimbana nayo, kenako anamulanda supuniyo n'kuyamba kumudyetsa, osati mwachifundo kwenikweni, poti supuni inkagunda mano.

Mbale itatha anaikuta nsalu, nadzuka. Atafika pakhomo anaima osatembenuka.

"Pakona yomaliza paja, Firiji akudutsa Mjeremani uja, manja anakunjenjemerani?"

"Ananjenjemera."

"Ndinaona Bakha akugwedezeka pakanema," anatero Ilde. "Munatsala pang'ono kutitayitsa."

Anatuluka. Pabenchi, pamene anakhala, anasiyapo kabotolo ka mafuta opaka m'mapewa.